Phula M'ngowe za Liwiro

Kale lomwe, khasu lisanatembenuze nthaka, m'mphepete mwa dambo mudali chulu chachikulu chofiira. Khalani bwino mumve, ana inu, ndipo wina asandidule mawu.

Kunja chulucho chinkaoneka ngati mulu wa dothi chabe, koma m'kati mudali mudzi wa chiswe. Mudali makwalala, mudali zipinda za mazira, mudali minda ya bowa, ndipo pansi penipeni padali chipinda cha Mayi amene adabala onse okhalamo. M'chulu simulowa dzuwa. Chiswe chimabadwira mu mdima, chimagwira ntchito mu mdima, ndipo maso chilibe. Choncho anthu a m'chulumo sankadziwana ndi nkhope. Ankadziwana ndi ngowe.

Aliyense ankabadwa ndi ngowe kunsonga ya dzanja. Ngoweyo idali yopindika katatu. Popindika poyamba padali kadzino, popindika pomaliza padali kadzenje. Awiri akakolana, kadzino ka uyu kankalowa m'kadzenje ka uyo, ka uyo n'kulowa m'kadzenje ka uyu, ndipo palibe chinkawalekanitsa kufikira atamasulana okha. Matupi awo adali osiyana, ntchito zawonso zosiyana. Padali agang'a, asilikali a mitu yofiira olondera makomo. Padali omanga, otafuna dothi. Padali alezi, oyang'anira mazira. Koma mapindidwe a ngowe adali amodzi mwa onse, ndipo sadasinthe chiyambire chulu choyamba. Ukadapita ku chulu cha kuphiri ukadaipeza yopindika katatu. Ukadatsikira ku chulu cha kuchigwa kotentha ukadaipeza yopindika katatu. Ngakhale mphemvu, msuweni wa chiswe wa kutali, ankayenda nayo yomweyo, chabe kuti iye ankangokokera nayo nyenyeswa.

Kusiyana kudali pa kukula basi. Ngowe ya gang'a idali yaikulu, ya womanga ndi ya mlezi idali yaing'ono, ndipo yaikulu sikola yaing'ono. N'chifukwa chake padali amithenga. Wamthenga ankabadwa ndi ngowe ziwiri, yaikulu kumanzere, yaing'ono kumanja. Ndi yakumanzere ankalandira mawu kwa gang'a pakhomo, ndi yakumanja ankawapereka kwa omanga m'kati. Popanda iye, khomo ndi m'kati sizikadamvana.

Mawuwo sadali a pakamwa. Kukoka pang'ono kudali moni, kutanthauza kuti kunja kuli bata. Kugwedeza kunkatanthauza kuti udzu wafika, otuta abwere. Koma kukoka kwamphamvu, kwautali, kosalekeza, kudali ndi tanthauzo limodzi lokha: mdani walowa, tsekani khwalala. Mawu amenewo akafika, omanga ankamanga khoma pomwepo, ndipo agang'a ankatsala kunja kwa khomalo akumenyana kufikira atatha.

Padali lamulo lolimba pa nkhaniyi. Khwalala silinkatsekedwa ndi mawu a pakamwa, ngakhale wonenayo alire motani. Makolo awo adaika lamulolo chifukwa nthawi ina wamantha wina adamva tsamba likugwa, adakuwa kuti mdani, omanga adatseka, ndipo abale ambiri adafera kunja popanda mdani aliyense. Kuyambira pamenepo pakamwa padatsala pochezera. Za imfa zinkayenda pa ngowe.

M'mawa uliwonse, makoma akayamba kufunda, onse ankaima pa mzere kuchokera pakhomo mpaka pansi, n'kukolana ngowe akuimba:

Kola yanga, ndikole yako,
dzino m'dzenje, dzino m'dzenje,
moni afike kwa Mayi.

Wamthenga wa khomo la kumadzulo dzina lake adali Liwiro. Adali wowonda, wa miyendo yaitali, ndipo pothamanga padalibe womupambana. Mlonda wamkulu wa khomolo adali mkulu wake Nsagwada, gang'a wa mutu waukulu kwambiri moti sankatha kudzidyetsa yekha. Liwiro ndiye ankamutafunira chakudya n'kumuikira m'kamwa.

"Achimwene, mutu wonsewu, koma kudya mpaka kukudyetsani ngati khanda," ankatero Liwiro.

"Dyetsa uli chete, iwe miyendo ya udzudzu," ankayankha Nsagwada. "Tsiku lina ndidzakumeza pamodzi ndi chakudyacho, Mayi sadzazindikira n'komwe kuti wina wasowa."

Koma Liwiro adali ndi chinthu chomudya mumtima. Dzinja lapitalo adali atanyamulapo mawu otseka, ali pa khomo lina. Adathamanga bwino, adapereka bwino, khoma lidamangidwa. Kenaka adaima pafupi ndi khomalo, dothi likadali lonyowa, ndipo adamva zimene zinkachitika kuseri. Adamva nsagwada za agang'a zikulira khe, khe, khe. Adamva zikuchepa. Adamva imodzi yokha itatsala, ikulira payokha. Kenaka kudangoti zii. Chichokere tsikulo, chakudya sichinkamutsika bwino, ndipo nthawi iliyonse ngowe yaikulu ikakola yake, mtima unkamugunda kudikira ngati kukokako kuleke kapena kupitirire.

Mitambo itayambanso kusonkhana, Liwiro adafunsa mkulu wake akumudyetsa.

"Achimwene, linthumbu likadzabwera pa khomo lino, mudzandikoka?"

"Ndidzakukoka."

"Mukudziwa kuti khoma lidzakusiyani kunja?"

"Ndikudziwa. Ukuganiza mutu wofiirawu anandipatsa wovinira?"

"Nanga ine ndikapanda kufika?"

"Iwe osafika? Ukanakhala waulesi bwenzi ndikuda nkhawa. Bweretsa chakudyacho, ukudya wekha ukundifunsa mafunso."

Liwiro adaseka pang'ono kuti mkulu wake asadziwe mantha ake. Sankafuna kunyamula imfa ya Nsagwada. Ndipo kunena zoona zonse, sankafunanso kuima pafupi ndi khomo tsiku limene linthumbu lidzafike, chifukwa wamthenga amalandira mawuwo mdani ali kale pamphuno.

M'mbali mwa chulucho, mu mng'alu wina, munkakhala Kanjuchi, kanjuchi kakang'ono kopanda mbola kamene kamamanga zisa zake m'zulu za eni ake. Tsiku lina Liwiro akudutsa pafupi ndi mng'aluwo, adamva fungo la uchi, ndipo adamva wina akukwecha khoma.

"Ndani uyo akupuma ngati wathawa moto?" adafunsa Kanjuchi.

"Ndine Liwiro, wamthenga wa khomo la kumadzulo. Mukutani, anansi athu?"

"Ndikumata ming'alu mvula isanabwere. Nanga iwe wauma bwanji chonchi? Kwanuko njala yalowa?"

"Njala ayi. Tulo ndi tomwe tikusowa. Mukumata ndi chiyani?"

"Phula. Gwira umve. Likadali lofunda limamvera, likazizira limalimba, ndipo chilichonse chikaligwira chimangoterereka. Ngakhale dontho la mvula siliimapo."

Liwiro adaligwira. Ngowe yake idatererekapo. Adaligwiranso, idatererekanso. Pomwepo nzeru idamubwerera, nzeru ya mtundu uja umene umabwera msanga kwa munthu wamantha.

"Mungandigawireko pang'ono, anansi athu?"

"Chiswe chikalitani phula? Mumamanga ndi malovu inu."

"Dzanja likundiwawa. Ndikufuna ndipakepo."

"Tenga. Koma usakanene kwanu kuti ndakupatsa ndine, angabwere onse ndi manja owawa."

Liwiro adapita nalo m'kakhwalala kosadutsa anthu. Sadapake ngowe yonse, chifukwa akadatero akadagwidwa m'mawa pa mzere. Adatenga phulalo n'kulikanikizira m'kadzenje ka ngowe yakumanzere, pansi penipeni, n'kusiya kamlomo kochepa pamwamba. Litazizira adakola kamuzu. Adakoka pang'ono, ngowe idagwira. Adagwedeza, idagwira. Adakoka mwamphamvu osalekeza, ndipo idangoti pulumuku.

"Eya," adadziuza yekha. "Moni adutsa. Za udzu zidutsa. Za imfa zokha ndizo sizidutsa. Mawu amene sanandifike sindingawanyamule, ndipo palibe angandiimbe mlandu. Khoma silimangidwa, achimwene sasiyidwa kunja. Akaona kuti mawu akanika, adzathawira m'kati pamodzi ndi ine."

Phula lidatsalako. Adaligwiragwira, akuganiza. Nanga dzino la Nsagwada likadzapeza pogwira? Dzino lija ndi lalikulu. Kutseka chitseko chimodzi ndi kutseka, koma kutseka ziwiri ndiko kugona tulo. Choncho adakanikizira lotsalalo m'kadzenje ka ngowe yakumanja.

M'mawa mwake adaima pa mzere. Nsagwada adakola kumanzere. Kumanja adakola Nadothi, mlongo wawo wamkulu, kapitawo wa omanga, mayi wosaseka ndi ntchito.

Kola yanga, ndikole yako,
dzino m'dzenje, dzino m'dzenje,
moni afike kwa Mayi.

Moni adadutsa. Palibe adazindikira kanthu. Mawa lake adadutsanso, mkuja wake adadutsanso. Liwiro adayamba kudya, adayamba kugona, adayambanso nthabwala.

"Wanenepa, miyendo ya udzudzu," adatero Nsagwada. "Ukundibera chakudya panjira?"

"Ndangopeza mtendere, achimwene."

"Mtendere m'dzinja? Ukandiuze komwe amaugawa."

Mvula yoyamba idagwa, yachiwiri idagwa. Tsiku lina kutacha, nthaka ikadali yonyowa, dzuwa litafunditsa kale makoma, Liwiro adali pakhomo akudyetsa mkulu wake. Mwadzidzidzi Nsagwada adasiya kumeza.

"Tamvera," adanong'ona.

Liwiro adamvera. Poyamba sadamve kanthu. Kenaka adamva kaphokoso kochepa m'udzu, ngati mchenga ukutayika, waa, waa, osaleka. Kenaka fungo lidafika, fungo lowawasa limene chiswe chilichonse chimalidziwa chisanaphunzitsidwe. Ziwala zidayamba kudutsa pakhomo zikuthawa. Kangaude adadutsa atanyamula mazira ake. Lidali linthumbu, nyerere zoluma zoyenda ngati mtsinje, zimene sizisiya chamoyo kumbuyo.

Agang'a ena adathina pakhomo mitu ili kunja. Nsagwada adatambasula dzanja.

"Liwiro, ngowe."

Liwiro adaipereka. Nsagwada adakola, adakoka mwamphamvu, ndipo idangoti pulumuku.

"Ima bwino, usanjenjemere. Ngowe."

Adakolanso, adakokanso. Pulumuku.

Nsagwada adagwira dzanja la mng'ono wake n'kupapasa m'kadzenje ndi dzino lake.

"Wachita chiyani, mwana wa Mayi?"

"Achimwene, tiyeni tithawe. Mawu akanika. Khoma silimangidwa, bwererani m'kati, tonse tipulumuke."

"Tithawire kuti? M'kati muli mazira. Pansi pali Mayi. Ine ndikachoka pano, linthumbu likafika kwa Mayi dzuwa lisanafike pamutu." Mawu a Nsagwada sadakwere, ndipo ndicho chidamuopsa Liwiro koposa. "Unkaganiza khoma ndi limene limandiika pakhomo? Ndimaima pano khoma lilipo, ndimaima khoma palibe. Wangondichotsera chifukwa chofera. Thamanga kwa Nadothi. Ukachite chilichonse, koma khwalala litsekedwe. Amithenga ena ali kumakomo akutali, palibe wina. Pita."

Nyerere yoyamba idafika. Liwiro adamva nsagwada za mkulu wake zikutseka, khe, ndipo adathamanga.

Sadathamangepo chotero chibadwire. Adadutsa pophaphatiza, pamene khwalala limachepa pafupi ndi khomo, pamene khoma linkayenera kumangidwa ndi dothi lochepa chabe. Adadutsa minda ya bowa. Adadutsa njira yopita ku chipinda cha mazira cha kumadzulo. Adakawapeza omanga pa mphambano yaikulu, ali pa mzere kumbuyo kwa Nadothi, akukonza denga limene mvula idafewetsa.

"Achemwali, linthumbu lafika pa khomo la kumadzulo. Tsekani."

Omanga adasiya kutafuna. Nadothi adatambasula dzanja.

"Ngowe."

"Achemwali, palibe nthawi. Ndalimva ndekha fungo. Ndikulumbira pali Mayi."

"Pakamwa sipatseka khwalala. Ngowe."

Liwiro adakola ngowe ya mlongo wake, adakoka ndi mphamvu zake zonse. Pulumuku. Adagwa chagada. Adadzuka, adakolanso, adakokanso. Pulumuku.

Nadothi adagwira dzanja lake n'kulinunkhiza.

"Fungo la uchi likutani pa ngowe ya wamthenga?"

"Ndi phula, achemwali. Ndinaika ndekha. Mudzandilange pambuyo, koma tsopano ndikhulupirireni."

"Ine ndikukukhulupirira. Nanga awa ali kumbuyo kwangawa? Mzerewu umatsika mpaka ku dothi lonyowa la pansi, ndipo akumunsi sakukumva ukulira. Amadikira kukoka kodutsa mwa ine, osati kochokera kwa ine. Ndikayamba ndekha lero, mawa ayamba wina atamva tsamba. A Nsagwada anakukoka?"

"Anandikoka kawiri. Inapulumuka."

"Anakukoka. Ndiye mawuwo ndi awo, angotsala kutuluka mwa iwe. Bweretsa dzanjalo."

Nadothi adaluma m'kadzenje ka ngowe yakumanja n'kuyamba kukwecha. Phula lidali litalimba ngati mwala. Ankachotsa kachidutswa, n'kulavula, n'kukwechanso. Liwiro adamva mano a mlongo wake akulowa m'ngowe yeniyeniyo, koma sadalire, chifukwa makutu ake adali kumadzulo. Kutali, kudzera m'makoma, kunkamveka khe, khe, khe, khe. Nsagwada zidali zambiri. Nadothi adakwecha. Zidatsala zowerengeka. Nadothi adakwecha.

"Fulumirani, achemwali."

"Ukanafulumira kuganiza iwe. Usagwedezeke."

Womanga wina kumbuyo adanong'ona kuti fungo lafika. Koma pa mzere wonse palibe adachoka pamalo pake. Kumadzulo kudatsala nsagwada imodzi yokha, yaikulu, ikulira payokha. Liwiro adaidziwa. Kenaka idaleka, ndipo m'malo mwake mudamveka phokoso lija la mchenga, waa, waa, tsopano lili m'kati mwa chulu.

"Yesa," adatero Nadothi.

Liwiro adakola. Kadzino ka mlongo wake kadalowa mpaka pansi. Adakoka mwamphamvu, osalekeza, ndipo adamva kukokako kukudutsa mwa Nadothi, kukutsika ndi mzere, ngowe ndi ngowe, mpaka kumunsi. Adakokabe. Koma ngowe idali itapyapyala ndi kukwecha kuja. Idangoti thyo, n'kutsalira m'dzanja la Nadothi.

Mawu adali atadutsa. Dothi lidayamba kukwera kuchokera pansi, kamwa ndi kamwa.

"Pophaphatiza patayika," adatero Nadothi. "Minda ya bowa yatayika. Timanga pompano."

"Pano m'potakata, achemwali," womanga wina adadandaula. "Sitimaliza."

"Ndiye tseka pakamwa ndi dothi. Iwe Liwiro, alezi a chipinda cha kumadzulo ali kunja kwa khomali ndipo sakudziwa. Miyendo ukadali nayo. Kawatulutse."

Liwiro adatembenukira kumene kunkachokera phokosolo. Thupi lonse lidakana. Koma Nadothi adali atatembenuka kale, akuika dothi loyamba, ndipo padalibe wina womutuma. Adapita, akutsimphina, dzanja lothyoka likukwekwereza pansi.

M'chipinda cha mazira alezi adali ataunjikana pakona, fungo litawafika kale. Sadafunse za ngowe, pakuti kuthawitsa mazira sikufuna lamulo.

"Nyamulani, pitani ku mphambano yaikulu, khoma likukwera," adatero Liwiro.

Aliyense adaluma dzira limodzi n'kuthamanga. Mazira adali ochuluka kuposa alezi. Ena adabwerera kudzatenga achiwiri. Ulendo wachitatu padalibe, chifukwa nyerere zidali zitalowa m'minda ya bowa, ndipo kunkamveka zikuiphwasula. Liwiro adaluma dzira limodzi nayenso. Amene kale ankafika woyamba paliponse, tsopano adali womaliza. Ankagwa, n'kudzuka, n'kugwanso. Kumbuyo kwake phokoso lidakula mpaka lidadzaza khwalala lonse.

Atafika pa mphambano, khoma lidali litakwera kale kupitirira msinkhu wake. Omanga adayambira pansi kupita m'mwamba, ndipo padangotsala kabowo kamodzi pansi pa denga. Dothi lidali lonyowa, loterera, losakwereka. Omanga ankatulutsa manja pa kabowoko, n'kukola alezi mmodzimmodzi, n'kuwakokera m'kati. Mlezi womaliza adatenga dzira m'kamwa mwa Liwiro, adakoledwa, adakwera, adalowa.

"Watsala ndani?" adafunsa Nadothi ali pa kabowo.

"Ndine, achemwali."

"Kweza dzanja lamanja."

Adakweza. Nadothi adapapasa, adapeza chitsa chokha.

"Lamanzere silindikola ine. Itanani gang'a."

Kumbuyo kwa khoma kudali kutafika agang'a ochokera m'kati, odzatchinga ngati khoma lingagwe. Mmodzi adakwera n'kutulutsa dzanja lake lalikulu.

"Uli pati, mng'ono wanga? Kweza."

Liwiro adaimirira pa miyendo yakumbuyo, adatambasuka mpaka ngowe ziwirizo zidakhudzana. Zidakolana. Gang'a adakoka pang'ono kuti amve kulemera kwake, ndipo idagwira. Liwiro adamva mapazi ake akuchoka pansi. Gang'a adakoka mwamphamvu.

Pulumuku.

Adagwa m'munsi mwa khoma. Adadzuka.

"Kokani pang'onopang'ono, achimwene. Mukakoka pang'ono imagwira."

"Pang'ono sungakwere. Kweza."

Adakolanso. Adakwera pang'ono kuposa poyamba, mpaka adamva mpweya wofunda wa m'kati ukumuwomba kumaso, adamva fungo la abale ake. Pulumuku.

Adaika ngoweyo m'kamwa mwake n'kuyamba kuikwecha yekha, koma mano ake ankangoterereka pa phula. Nyerere yoyamba idatulukira pa ngodya ya khwalala, idaima, ikugwedeza tinyanga take. Yachiwiri idafika pambali pake.

"Achemwali, dikirani pang'ono. Likuchoka. Ndikulimva likuchoka."

"Kodi likuchoka?" adafunsa Nadothi kwa gang'a uja.

Gang'a adatulutsanso dzanja, adapapasa m'kadzenje ka Liwiro, ndipo dzino lake lidangoterereka pa phula.

"Bwezani dzanja, achimwene," adatero Nadothi. "Ikani mutu pabowopo mpaka titamata m'mbali."

"Achemwali," adaitana Liwiro.

"Ndakumva, mlongo wanga. Kumbuyo kwanga kuli mazira."

Mutu wofiira udatseka kabowo. Liwiro adamva dothi likumatidwa m'mbali mwake, mofulumira, mwadongosolo, monga omanga adaphunzitsidwira. Kenaka mutu udabwerera m'kati, dothi lomaliza lidalowa pamalo pake, ndipo mpweya wofunda uja udaleka. Liwiro adatsamira khoma lonyowa, ngowe yake ikadali m'kamwa. Nyerere sizidathamange. Zidalibe chifukwa chothamangira.

Khoma lidalimba. Linthumbu lidaluma, lidakanda, lidatopa, lidanyamula zimene lidapeza n'kutuluka. Mayi adapulumuka. Koma chaka chimenecho m'chulu mudagwa njala chifukwa minda ya kumadzulo idapita, mazira ambiri adapita, ndipo Nsagwada, amene Liwiro ankafuna kumusunga, adafa tsiku lomwelo pa khomo lomwelo.

Nthano yanga yaima pamenepo, ana inu, ndipo phunziro lake ndi ili: ukamata ngowe yako kuti asakukokere ku udindo, wamatanso yoti adzakukokere ku moyo.